Mankhwala a Chifuwa M'manja mwa Ana Osatsokomola

Amene amalawirira ku ntchito mu mzinda wa Johannesburg, womwe Amalawi akhala akuutchula kuti Joni kuchokera m'masiku a Wenela, amatidziwa bwino timabotolo tofiirira tomwe timapezeka titatayidwa m'ngalande, kuseri kwa mipanda ya sukulu ndi m'mapaki a ku Hillbrow, Yeoville ndi Soweto. Si ta mowa ayi. Ndi ta mankhwala a chifuwa, ndipo pa kabotolo kalikonse pamakhala malangizo a kamwedwe omwe womwayo sadawawerenge n'komwe. Mlendo wongotsika kumene basi pa Park Station angaganize kuti mzinda wonse wagwidwa ndi chimfine. Koma ana amene amagugudiza mankhwalawa sakhala akutsokomola.

Chomwe iwo akufuna m'botolomo ndi codeine. Amathira mankhwalawo m'zakumwa zoziziritsa kukhosi, nthawi zina n'kuponyamo maswiti, kenaka n'kumamwa pang'onopang'ono ngati sobo. Chakumwachi amachitcha kuti lean, liwu la Chingerezi lonena za kupendekeka, poti womwayo amaima mopendama ngati nkhokwe yomwe chiswe chadya mizati yake. Mphunzitsi akaona mwana atanyamula botolo la chakumwa wamba pa nthawi yopuma sakayika kanthu. Sipamveka fungo la kachasu, sipaoneka utsi wa chamba. Kholo likapeza botolo m'chikwama cha sukulu limangoti mwanayu ali ndi nzeru, wadziwa kudzigulira mankhwala. Apa ndi pamene pagona vuto: chinthucho chili ndi dzina la kampani, chidachokera m'famase, ndipo chidavala nkhope ya chipatala.

Mchitidwewu sudayambire ku Joni. Udakula mu mzinda wa Houston, ku Texas m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1990, pakati pa oimba nyimbo za hip hop. Mmodzi mwa omwe adautchukitsa, DJ Screw, adamwalira mu Novembala 2000 ali ndi zaka 29 zokha, ndipo achipatala adapeza codeine wochuluka m'thupi mwake. Imfa yake sidaopseze anzake. Nyimbo ndi makanema zidapitiriza kuonetsa kapu yoyera yodzaza chakumwa cha mtundu wa pepo ngati chizindikiro cha munthu wopeza bwino, ndipo mafoni a m'manja atachuluka, chithunzi chimenechi chidafika kwa mwana wa ku Alexandra tsiku lomwelo chomwe chidafika kwa mwana wa ku Atlanta. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Alexandra adapeza kuti m'dziko lake botololo limagulidwa popanda kalata ya dokotala.

Zomwe zili m'botolomo

Codeine amachokera ku chomera chomwe chimatulutsa opium, choncho ndi wa banja limodzi ndi morphine ndi heroin. Ndi mankhwala enieni ndithu, othandiza kuchepetsa ululu ndi kuziziritsa chifuwa chouma kwa munthu wamkulu womwa monga adauzidwira. Akalowa m'thupi, chiwindi chimasandutsa gawo lina la codeine kukhala morphine, ndipo morphine ameneyu ndi amene amabweretsa kamtendere ndi katulo komwe achinyamatawa amakafuna. Tinganene mosabisa mawu kuti mwana womwa lean akumwa morphine wodzera njira yokhotakhota.

Ziwindi za anthu sizigwira ntchitoyi mofanana. Pali ena omwe chibadwire matupi awo amasandutsa codeine mofulumira kwambiri, moti mlingo womwe mnzawo wangowodzera nawo, iwo ungawaimitse kupuma. Kafukufuku adapeza kuti ku Ethiopia anthu otere amafika 29 mwa 100 aliwonse. Palibe amene angadzizindikire pongodziyang'ana pagalasi. Anyamata asanu atha kugawana botolo limodzi, anayi n'kubwerera kwawo akuseka, mmodzi osadzukanso. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidachotsera codeine pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a ana m'chaka cha 2011. Ku America, bungwe la FDA lidaletsa kupatsa codeine ana osakwana zaka 12 m'chaka cha 2017, ndipo mu 2018 lidalamula kuti mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine akhale a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo.

Masamu ake ngosavuta. Malamulo a ku South Africa amalola kuti mankhwala a madzi ogulidwa popanda kalata ya dokotala akhale ndi mamiligalamu 10 a codeine pa sipuni yaing'ono ya mamililita 5, botolo lisapose mamililita 100, ndipo munthu asapyole mamiligalamu 80 pa tsiku. Ndiye kuti m'botolo limodzi muli mamiligalamu 200, omwe ngakhale bambo wamkulu sayenera kuwamaliza pa masiku awiri. Mwana wa zaka 15 amawamaliza madzulo amodzi. Komanso m'botolomo simukhala codeine yekha: ambiri mwa mankhwalawa amakhala ndi zina zoletsa chimfine zomwe nazonso zimagonetsa tulo. Akaonjezerapo mowa kapena mapiritsi okhazika mtima pansi monga alprazolam, omwe ana asukulu amawadziwa ndi dzina la Xanax, zonsezi zimakankhira mbali imodzi. Mbali ya ubongo yomwe imakumbutsa mapapo kupuma imagona nayonso. Munthu wofa ndi codeine saphupha kapena kulira. Amangogona, kuliza mkonono, kenaka zii.

Amene sadafe amalowa mu ukapolo wa pang'onopang'ono. Thupi limazolowera, ndipo botolo limodzi lomwe linkakwanira mwezi watha silikwaniranso. Mimba imadzimbidwa kwa masiku ambiri, mano amaola ndi shuga, mwana amaonda, sukulu imam'kanika. Akayesa kusiya, thupi lonse limaphwanya, amatuluka thukuta, amatsegula m'mimba, mphuno imachucha, tulo timasowa. Pofika apa sakumweranso chisangalalo. Akumwa kuti angokhala ngati munthu.

Lamulo lilipo, koma mpanda uli ndi mipata

Sikuti dziko la South Africa lilibe malamulo. Lamulo la mankhwala la m'chaka cha 1965 lidagawa mankhwala onse m'magulu, kuyambira gulu 0 mpaka gulu 8. A gulu 0, monga Panado ndi ufa wa Grand-Pa, amagulitsidwa ngakhale m'timaokala ta spaza. A gulu 3 kupita m'mwamba amafuna kalata ya dokotala. Codeine wa mlingo wochepa ali m'gulu 2, lomwe lili pakatikati: sagulitsidwa pa shelefu, amasungidwa kuseri kwa kauntala ya famase, ndipo wogulitsa amayenera kulemba dzina la wogula m'kaundula. Kuyambira mu Febuluwale 2018, bungwe loyang'anira zonsezi ndi SAHPRA, lomwe lidalowa m'malo mwa Medicines Control Council.

Kaundula wa famase imodzi sadziwa zomwe zalembedwa m'kaundula wa famase ina. Mu mzinda momwe muli mafamase m'misika ikuluikulu ndi m'makona a misewu, munthu atha kuyenda malo asanu tsiku limodzi, kulikonse akutsokomola mwaulemu. Pofuna kutseka mpata umenewu, mabungwe a akatswiri a zamankhwala adayambitsa m'chaka cha 2013 ndondomeko yotchedwa Codeine Care Initiative, yoti wogula aliyense azilembedwa pa kompyuta imodzi ya dziko lonse pogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso chake. Ganizoli lidali labwino. Koma kulowamo kudali kwa ofuna okha, ndipo mafamase ambiri sadalowemo. Mlimi aliyense akudziwa kuti khola lomwe latsekedwa mbali zitatu ndi khola lotsegula.

Ngakhale zili choncho, mabotolo ambirimbiri omwe amadzaza ngalande sangachokere kwa ana oyendayenda m'mafamase okha. Makatoni athunthu amatuluka kudzera kukhomo la kuseri, kwa ogulitsa ena opanda chilungamo, n'kukathera m'manja mwa anthu a m'misewu omwe sadaphunzirepo za mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Amene amagulitsa katoni yonse kwa munthu mmodzi sangati sadadziwe. Palibe banja lomwe limatsokomola mabotolo makumimakumi. Anthu otere amavala zoyera, ali ndi ziphaso zopachika pakhoma, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amene amathamangitsidwa ndi apolisi kawirikawiri ndi mnyamata wa pa kona, osati iwo.

Malondawa sathera pa mtsinje wa Limpopo. Ku Zimbabwe, mankhwala a BronCleer, omwe amapangidwa movomerezeka ndi kampani ya Adcock Ingram ku South Africa, saloledwa kugulitsidwa, koma achinyamata a ku Harare amawadziwa ndi dzina loti bronco, ndipo apolisi akhala akugwira makatoni ake ozembetsedwa pa chipata cha Beitbridge. Owerenga a ku Malawi ndi ku Tete aone bwino mapu. Msewu wochoka ku Beitbridge umadutsa Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kukalowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Ndi msewu womwewo umene mabasi ndi matransipota amanyamulira mabulangete, mafoni ndi mafuta ophikira omwe ana a ku Joni amatumizira makolo awo.

Mabanja a Amalawi ku Joni

Pali chifukwa china chomwe nkhaniyi ikukhudzira mlimi wa ku Mzimba, ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena ku Chipata. Ambiri omwe adapita ku Joni zaka makumi awiri zapitazo tsopano ali ndi ana achinyamata, ena obadwira komweko, ena oitanidwa atamaliza pulayimale. Ntchito zomwe makolowa amagwira, za m'nyumba, za m'maluwa, zaulonda, za m'masitolo a ku Mayfair ndi Fordsburg, zimadya tsiku lonse. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton mwina amagonera komweko n'kumabwera Loweruka lokha. Bambo mlonda amachoka mwana asadabwere kusukulu. Kumudzi mwana wotere akadakhala m'maso mwa azakhali, amalume ndi agogo, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'chipinda cha lendi cha ku Berea kapena ku Diepsloot, woyandikana naye nyumba sadziwa ngakhale dzina lake.

Mwana wa mlendo amakhalanso ndi njala ina, njala yofuna kulandiridwa. Amasekedwa kayankhulidwe, amatchulidwa mayina onyoza alendo, ndipo gulu loyamba kumuitana kuti akhale nalo pansi ndi lomwe amalimamatira. Ngati m'gulumo mukuzungulira kapu, iye sangakane. Izi si zonena kuti ana a Amalawi ndi amene amamwa kwambiri kuposa ena. Mchitidwewu uli m'sukulu za olemera ndi za osauka zomwe, pakati pa eni dziko ndi alendo. Kusiyana kumabwera pa tsiku lomwe zinthu zavuta.

Kholo lopanda mapepala limaopa chipatala. Manthawa ali ndi pochokera: m'zaka za 2022 ndi 2025 magulu monga Operation Dudula adaima pa zipata za zipatala zina m'chigawo cha Gauteng n'kumabweza alendo. Koma gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe thandizo la chipatala pa nthawi ya ngozi, ndipo silisiyanitsa mbadwa ndi mlendo. Mwana amene sakudzuka ndi ngozi. Atsogoleri a mipingo, a mizikiti ndi a magulu othandizana pa maliro omwe Amalawi adakhazikitsa ku Joni ayenera kulibwereza lamulo limeneli mpaka membala aliyense alisunge pamtima, chifukwa mphindi zomwe banja limataya pokambirana ngati kuli bwino kuitana ambulansi ndi mphindi zomwe mwanayo alibe.

Njira yomwe makolo ambiri amasankha akatopa ndi yodziwika: kumukweza mwana basi kuti akakhale ndi agogo kumudzi, akalime, akaphunzire mwambo. Maganizowa sali olakwika onse. Kumuchotsa mwana pakati pa anzake ndi ogulitsa kumathandizadi. Cholakwika n'chakuti kawirikawiri makolo sanena chifukwa chenicheni. Manyazi amawagwira, poti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, ndiye amangoti mwanayu wayamba mwano. Ulendo wa pa basi umatenga masiku awiri kapena kuposerapo, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwe thupi losowa codeine limafika pachimake pa kuwawa. Agogo amalandira mdzukulu wonjenjemera, wotuluka thukuta, wosanza ndi wotsegula m'mimba. Woyamba kuganiziridwa ndi malungo. Akayeza magazi n'kupeza kuti mulibe, maso amatembenukira kwa mnansi yemwe akuti sakondwa ndi nyumba ya malata yomwe ndalama za ku Joni zidamanga. Mbuzi imagulitsidwa kuti apite kwa sing'anga, abale amadana, pomwe matendawo ali ndi dzina ndipo kuwawa kwake kwakukulu kumayamba kuchepa pakatha sabata imodzi.

Palinso ngozi ina yomwe mabanja ambiri saidziwa. Mwana akakhala miyezi ingapo kumudzi osamwa, thupi lake limaiwala chizolowezi chija. Akabwerera ku Joni n'kumwa mlingo womwe ankamwa kale, mlingowo tsopano utha kumupha. Masiku oyamba obwerera ndi oopsa kuposa masiku onse omwe adapita.

Adaonera kwa akulu

N'kosavuta kuloza chala nyimbo ndi mafoni. Koma mwana asadamve dzina la woimba aliyense, adaona kale momwe akuluakulu a pakhomo amachitira ndi mankhwala. Mayi wotopa ndi kuchapa ndi kukolopa amameza mapiritsi a Adco-Dol kapena Myprodol usiku uliwonse kuti apeze tulo, osadziwa kuti m'piritsi lililonse muli codeine yemweyo. Bambo amathira ufa wa Grand-Pa pa lilime m'mawa, masana ndi madzulo ngati mchere. Mutu ukawawa chifukwa chosowa mankhwala omwewo, amati matenda abweranso, n'kumwanso ena. Azachipatala amaudziwa bwino mutu wotere, wobwera chifukwa chomwa mankhwala a mutu pafupipafupi.

Kumudzi nakonso nkhani ndi yomweyo, mayina okha ndi amene asintha. Nyengo ya kugalauza ndi kupalira ikafika, alimi ambiri amadalira Indocid ndi Bufen wogula pa okala kapena pamsika, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. Mankhwala a mtundu umenewu akamwedwa kwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amaononga impso. Makapisozi otsala a m'bale yemwe adachira amasungidwa m'kachitini kudikira wodwala wina. Mwana wokulira m'nyumba yotere amaphunzira kuti piritsi ndi piritsi basi, ndipo kuti awiri amaposa limodzi.

Mapiritsi osakaniza aja ali ndi msampha wawo. Munthu wofuna codeine wambiri amakakamizika kumeza paracetamol wambiri yemwe ali m'piritsi lomwelo. Mu Adco-Dol mmodzi muli mamiligalamu 450 a paracetamol, pomwe malire a munthu wamkulu ndi magalamu 4 pa tsiku. Kupyola pamenepo ndi kuwotcha chiwindi. Choopsa n'chakuti tsiku loyamba munthu amaoneka ngati ali bwino, mwina kusanza pang'ono chabe. Maso amayamba chikasu patapita masiku awiri kapena atatu, chiwindi chitaonongeka kale. Mankhwala oletsa poizoni ameneyu alipo m'zipatala, koma amagwira bwino ntchito akaperekedwa maola 8 asadathe. Nkhaniyi ikukhudzanso atsikana ndi anyamata omwe amameza mapiritsi a m'nyumba atakhumudwa ndi mayeso, chibwenzi kapena mkangano. Mwana wotere akadzuka m'mawa n'kunena kuti ali bwino, asakhulupiriridwe. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo apeze womumvetsera.

Kodi angoletsedwa?

Maiko ena adasankha kudula mutu wa njoka. Pa 30 Epulo 2018, wailesi ya BBC idaonetsa kanema wotchedwa Sweet Sweet Codeine, woulula momwe ogwira ntchito ena m'makampani a mankhwala ku Nigeria ankagulitsira mabotolo mozemba. Tsiku lotsatira boma la Nigeria lidaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Dziko la Australia, kuyambira pa 1 Febuluwale chaka chomwecho, lidalamula kuti codeine aliyense azigulidwa ndi kalata ya dokotala.

Otsutsa njira imeneyi ku South Africa ali ndi mfundo yosafunika kuinyoza. Kwa munthu wosauka wodwala dzino kapena msana, famase ndi dokotala yekhayo amene angamufikire popanda kutaya tsiku la ganyu pa mzere wa ku kiliniki. Kufuna kalata ndi kumuonjezera ndalama zomwe alibe. Palinso mantha oti achinyamata omwe adakodwa kale angathamangire ku nyaope, chosakaniza cha heroin chomwe chidasakaza kale makomboni a ku Gauteng, kapena ku mapiritsi a tramadol omwe avutitsa maiko a kuzambwe kwa Africa.

Mfundozi zili ndi mphamvu pa mapiritsi a ululu. Pa mankhwala a madzi a chifuwa n'zofooka. Chifuwa cha chimfine chimatha chokha, ndipo kafukufuku sadaonetse kuti codeine amathandiza kwenikweni pa chifuwa chotere. Kuluza botololi pa kauntala si kuluza chinthu chachikulu kwa wodwala, koma kulisiya pomwepo kukudyetsa malonda odutsa malire a maiko. Ngati boma silifuna kufika pamenepo, chochepetsetsa chomwe lingachite ndi kukakamiza famase iliyonse ndi wogulitsa wa pikulitsa aliyense kulowa m'kaundula mmodzi, kuti katoni iliyonse idziwike komwe yathera, ndi kulanda ziphaso za opezeka olakwa. Kuletsa kopanda malo othandizira omwe adakodwa kale nakonso ndi kusesa bwalo n'kuunjika zinyalala pakhomo.

Anthu a ku Joni adaonapo mphamvu ya makolo okana kukhala chete. M'chaka cha 2013, amayi a ku Eldorado Park, motsogozedwa ndi Dereleen James, adalembera kalata Pulezidenti Jacob Zuma yodandaula momwe mankhwala ozunguza bongo ankathera ana awo. Mu Meyi chaka chomwecho Zuma adafika m'deralo, apolisi adachuluka, nyumba zina zogulitsiramo zidatsekedwa. Patapita nthawi magalimoto a akuluakulu adachoka, ndipo vutolo silidachoke nawo. Chomwe chidatsala ndi amayi omwe adaphunzira kutchula vuto la mwana wawo pagulu popanda kugwetsa nkhope. Kulimba mtima kumeneku n'komwe kukusowa m'mabanja ambiri a alendo.

Ntchito ya mlangizi ndi kholo

Zizindikiro zimaoneka kwa amene akuyang'ana. Mwana amawodzera masana, amayankhula mokoka mawu, amadzikanda pafupipafupi, ndipo timadontho takuda ta pakati pa maso ake timachepa ngati nsonga ya singano ngakhale m'chipinda cha mdima. Ndalama zimasowa m'nyumba, foni imagulitsidwa, mabotolo amapezeka pansi pa matiresi. Kumenya sikuchotsa chibaba. Kumangophunzitsa mwana kubisa bwino. Chofunika ndi kumufunsa modekha kuti akumwa chiyani, wayamba liti, ndipo akusakaniza ndi chiyani. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa wozolowera mapiritsi a mtundu wa Xanax sayenera kusiya mwadzidzidzi. Atha kugwa ngati wa khunyu, ndipo kusiya kwake kumafuna dokotala.

Mwana akapezeka kuti sakudzuka, akupuma motalikitsa, akuliza mkonono wachilendo kapena milomo yasintha mtundu, asasiyidwe kuti agone zimuthere. Agonekedwe cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Asamwetsedwe mkaka, madzi a mchere kapena phala, ndipo asakakamizidwe kusanza. Ku South Africa nambala ya ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Botolo kapena paketi yomwe yapezeka inyamulidwe, chifukwa ikauza dokotala zomwe mwanayo sangathe kunena. Kuchipatala kuli mankhwala otchedwa naloxone omwe amabweza mphamvu ya codeine m'mphindi zochepa.

Thandizo la nthawi yaitali lilipo, ngakhale silikwanira onse. Bungwe la SANCA, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1956, lili ndi nthambi mu Johannesburg ndi m'madera ozungulira. Unduna woona za chisamaliro cha anthu, mogwirizana ndi bungwe la SADAG, uli ndi nambala yaulere ya 0800 12 13 14 yomwe kholo kapena mwana angaimbe usana ndi usiku. Ku Malawi, zipatala za m'maboma ambiri zili ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo, ndipo chipatala cha Zomba Mental pamodzi ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zimathandiza omwe adakodwa ndi mowa ndi mankhwala. Wogulitsa mankhwala popanda chiphaso angathe kunenezedwa ku bungwe la PMRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2019.

Alangizi a zaumoyo m'midzi yomwe ili ndi anthu ambiri ku Joni ali ndi mwayi womwe dokotala wa m'tauni alibe: amadziwa khomo lomwe kwafika mwana ndi basi ya dzulo. Wachinyamata wobwera mwadzidzidzi pakati pa teremu, wodwala matenda ooneka ngati malungo koma magazi osaonetsa kanthu, afunsidwe payekha, agogo ndi amalume atatuluka panja. Makolo ake aimbiridwe foni ndi kufunsidwa dzina la mankhwala, kuchuluka kwake pa tsiku, ndi tsiku lomwe adamwa komaliza. Mayankhowo alembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo phukusi lomwe wabwera nalo, pamodzi ndi ena onse ochokera ku Joni okhala ndi mankhwala, litsegulidwe ndi munthu wodziwa kuwerenga zolembedwa pa botolo.